Tembenuzani kapeti musanatulutse ndalama

Chaka chino amalonda angapo amene amakaoda katundu ku Dubai abwerako ndi makapeti amene akuwatcha a ku Persia (dzina lakale la dziko la Iran) opangidwa pamanja, koma ndi a makina. Cholakwika ndi chimodzi: akuyang'ana pamwamba, nkuwerenga kapepala kolembedwa "Kashan" kapena "Iran", basi nkulipira. Mbuzi mumayamba mwaiona mano, thumba la chimanga mumapisamo dzanja kuopa anankafumbwe. Nanga kapeti ya ndalama zambiri chonchi mukulephereranji kuitembenuza?

Kapepalako mwina sikakunama. Kashan ndi mzinda weniweni wa ku Iran, ndipo mu 2010 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, idaika luso la oluka makapeti a kumeneko pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe. Koma m'dera lomwelo mulinso mafakitale ambiri opanga makapeti pamakina. Wogulitsa akamanyadira kuti iyi ndi "700 shaneh" kapena "1200 shaneh", dziwani kuti akukuuzani yekha kuti ndi ya makina, chifukwa umenewo ndi muyeso wa kufakitale. Oluka pamanja mumzinda wa Tabriz ku Iran komweko amawerenga "raj", kutanthauza mfundo za ulusi zimene amanga pa masentimita 7. A mumzinda wa Nain amati 9La, 6La, 4La, ndipo nambala ikamachepa ulusi ndiye ukuwonda, mfundo nkumachuluka.

Taonani masamu ake. Kapeti ya 50 raj ili ndi mfundo pafupifupi 50 pa kabwalo ka sentimita imodzi mbali zonse. Ikakhala ya mamita 2 kwa 3, ndiye kuti ndi mfundo zoposa 3 miliyoni, iliyonse yomangidwa ndi zala. Imeneyo ndi ntchito ya miyezi yambiri. Ndiye wina akupatseni pa mtengo wa matiresi, inu nkumati mwatola?

Mayi wina wogulitsa makatani adatenga kapeti zinayi, atauzidwa kuti ndi silika wa ku Qom, mzinda winanso wa ku Iran. Kunyezimira kwake, eee! Kasitomala atatayirapo tiyi nkupukuta ndi madzi, pamalopo padauma gwa nkusanduka pachikasu. Udali ulusi wa viscose, wopangidwa kufakitale, umene umanyezimira ngati silika. Mayiyo adabweza ndalama, zitatu zinazo zikadali m'shopu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kumbuyo ndiye kumanena zoona. Yopangidwa pamanja maluwa ake amaoneka bwinobwino kumbuyo ngati kumaso, ndipo mfundo zake sizifanana ndendende: pena zazikulu pang'ono, mzere pena wakhota. Ya makina mizere yake ndi yowongoka ngati ya m'kope. Mukapeza kumbuyo kwamatidwa chinsalu, imeneyo ndi ija amabaya ulusi ndi kamfuti nkupaka guluu. Amaitchabe "ya pamanja", koma mfundo mulibe, ndipo guluuyo akakalamba amanunkha nkumayoyoka ngati ufa.

Kenako mphonje. Pa kapeti yeniyeni, mphonje ndi ulusi womwewo umene mfundo zamangidwapo, wangotulukira kunsonga. Ikakhala yochita kusokerera, ibwezeni. Ndipo lekani kukana kapeti chifukwa mtundu wasiyana pang'ono pakati. Amati abrash, ubweya udanyikidwa mu utoto nthawi zosiyana, zimene zimaoneka kwambiri pa makapeti a anthu a mtundu wa Qashqai a ku Iran.

Zotsalazi nzachidule. Pindani kapeti kuti ubweya utseguke, muone mfundo patsinde. Ikani rula kumbuyo muwerenge nokha. Pakani kansalu koyera konyowa pofiira ndi pabuluu; kakatenga mtundu, utotowo udzachucha pochapa. Pemphani kaulusi kamodzi mukaotche: silika ndi ubweya wa nkhosa zimanunkha tsitsi lopsa, viscose imanunkha pepala, ulusi wapulasitiki umasungunuka nkuuma kambulu. Yang'anani ngati njenjete sizidadye, makamaka m'mphepete. Pa lisiti alembepo mzinda wake, kukula kwake, mtundu wa ulusi, ndi mawu akuti mfundo zake nzomangidwa pamanja. Akakana kulemba, pitani shopu ina.