Momwe mungatumizire maimelo ambiri a malonda osagwera mu spam

Otsatsa malonda ambiri amaganiza kuti imelo imaponyedwa m'foda ya spam (ya maimelo osafunika) chifukwa cha mawu ena olembedwa pamutu pake, monga "zaulere" kapena "tatsitsa mitengo". Mawu otere ali ndi gawo lake, koma ndi laling'ono. Gmail, Yahoo ndi Outlook zimayang'ana kwambiri ngati wotumiza ndi mwiniwakedi wa dzina limene akugwiritsa ntchito, komanso momwe olandira akhala akuchitira ndi maimelo ake m'mbuyomu.

Choyamba, tumizani kuchokera pa domain yanuyanu (dzina lomwe limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @ mu adiresi ya imelo) kudzera m'kampani zomwe ntchito yake ndi yomweyi, monga Mailchimp kapena Brevo. Kuunjika maadiresi mazanamazana mu BCC (malo olembapo maadiresi kuti olandira ena asawaone) pa akaunti wamba ya Gmail sikupindula, chifukwa akaunti yaulere imalola maimelo pafupifupi 500 okha patsiku, ndipo ilibe njira yoti wosafuna maimelowo adzichotse.

Chachiwiri, tsimikizirani kuti domain ndi yanu polemba zinthu zitatu mu DNS yake (kaundula wa pa intaneti wosunga zokhudza domain): SPF, DKIM ndi DMARC. SPF ndi mndandanda wa maseva omwe mwawalola kutumiza m'dzina lanu, ndipo uyenera kukhala umodzi wokha pa domain iliyonse. Ambiri amalakwitsa powonjezera wachiwiri akayamba kugwiritsa ntchito kampani yatsopano, ndipo zikatero onse awiri sagwira ntchito. DKIM ili ngati chidindo chimene chimaikidwa pa imelo iliyonse posonyeza kuti palibe amene waisintha panjira. DMARC imauza seva yolandira chochita ndi imelo yomwe yalephera kudutsa pa ziwiri zinazo, ndipo imafunanso kuti domain yooneka pamzere wa wotumiza igwirizane ndi yomwe yatsimikizidwa. Pa DMARC yambani ndi p=none (lamulo louza seva yolandira kuti isachitepo kanthu pa imelo yolephera) kuti muziona malipoti musanayambe kukhwimitsa. Kuyambira mu February 2024, Google imafuna zitatu zonsezi kwa aliyense wotumiza maimelo 5,000 kapena kuposa patsiku ku maadiresi a Gmail, Yahoo inaika malamulo ofanana nthawi yomweyo, ndipo Microsoft inatsatira mu May 2025. Ngakhale mutakhala kuti simufika pa nambala imeneyi, ndi bwino kuzikonza zonse. Mukamaliza, dzitumizireni imelo ku Gmail, tsegulani "Show original" ndipo muone ngati pa SPF, DKIM ndi DMARC palembedwa PASS.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, lemberani okhawo amene anapempha okha. Musagule mndandanda wa maadiresi, ngakhale wogulitsa atakulonjezani zotani. M'mindandanda yotere mumakhala maadiresi omwe anasiya kugwira ntchito kalekale, komanso ena oikidwa dala ngati msampha ndi mabungwe olimbana ndi spam, moti kutumiza ku amodzi mwa iwo kungachititse kuti domain yanu ilowe m'kaundula wa otumiza oletsedwa. Munthu akalembetsa, mutumizireni kaye imelo yokhala ndi linki yoti adine potsimikiza. Mndandanda udzakula pang'onopang'ono, koma udzakhala wa anthu enieni amene akudziwa kuti ndinu ndani.

Chachinayi, wofuna kuchoka achoke mosavuta. Ikani linki yodzichotsera pamalo ooneka, onetsetsani kuti kudina kamodzi n'kokwanira, ndipo muchotseni munthuyo pasanathe masiku 2 monga momwe Google ndi Yahoo zimafunira. Kubisa linkiyi ndi kudzipweteka nokha, popeza munthu akaisowa amangodina batani la spam. Google imanena kuti madandaulo otere asafike 0.3 peresenti, kutanthauza anthu 3 pa 1,000 aliwonse, ndipo imalangiza kuti akhale ochepera 0.1 peresenti.

Chachisanu, domain ikakhala yatsopano musathamange. Yambani ndi maimelo ochepa opita kwa anthu omwe amakonda kutsegula ndi kuyankha, kenaka muziwonjezera pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Domain yosadziwika imene mwadzidzidzi yatumiza maimelo masauzande imakayikitsa. N'kwanzerunso kupatula subdomain (nthambi ya domain yanu) ya zotsatsa zokha, kuti zinthu zikavuta malisiti ndi makalata ena ofunika asavutike nazo kwambiri.

Pa kalembedwe palibe zambiri. Mutu unene zimene zili m'kati, imelo isakhale chithunzi chimodzi chachikulu chopanda mawu, ndipo pewani malinki ofupikitsidwa omwe amabisa kumene akupita.

Pomaliza, lembetsani domain yanu pa Google Postmaster Tools, yomwe ndi yaulere, kuti muziona kuchuluka kwa madandaulo. Adiresi iliyonse yomwe yabweza imelo ponena kuti kulibe munthu woteroyo muichotse nthawi yomweyo. Amene atha miyezi yambiri osadina kanthu muwafunse kamodzi ngati akufunabe kulandira, ndipo akapanda kuyankha muwachotse pamndandanda.