Kujambula ndi filimu ya masilaidi padzuwa la ku Chipata

Atate anatisiyira kamera ya Pentax K1000 ndi katoni ya nsapato yodzaza masilaidi a Kodachrome, ojambulidwa nthawi yomwe ankaphunzitsa ku Katete. Silaidi mukailoza pawindo mumaona chithunzi chenichenicho, mitundu ili m'malo mwake, osati yotembenuka ngati ya negetivu. Kodachrome musavutike kuifunafuna: Kodak analeka kuipanga mu 2009, ndipo malo omaliza otsukira, ku Kansas ku America, analeka ntchitoyo kumapeto kwa 2010. Zomwe mungagule lero ndi Ektachrome E100, yomwe inabwereranso mu 2018, ndi za Fujifilm, Provia 100F ndi Velvia 50.

Yambani ndi Ektachrome kapena Provia. Velvia imakoleza mitundu kwambiri. Phiri la Kanjala mu Januwale, mvula itangokata, limatuluka lobiriwira mochititsa kaso, koma nkhope ya munthu imafiira ngati wapaka dothi la katondo.

Tsono nkhani yaikulu ndi kuwala. Filimu ya negetivu ili ngati agogo, mukalakwitsa imakubisirani, wosindikiza nʼkukonza. Silaidi ayi. Chomwe chalowa m'kamera ndi chomwecho mudzachigwire m'manja, ndipo theka la sitopu lokha limaoneka (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kawiri kuwala kolowa m'kamera, kapena kukuchepetsa ndi theka). Kuwala kukachuluka, malo oyera amasanduka pulasitiki yoonekera, mulibe kanthu, ndipo palibe kompyuta ingabweze zomwe mulibe. Mdima uli ndi pogwira pang'ono, sikana yabwino imatha kutolamo kenakake. Choncho muziteteza zoyera.

Dzuwa likakhala pamtetete, filimu ya ISO 100 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala) ndimaika liwiro la shata pa 1/125 ndi bowo la lenzi pa f/16, ndipo nthawi zambiri imagwa bwino. Ndikakayika ndimaloza mita ya kamera, yoyezera kuwala, pa udzu wobiriwira womwe uli m'kuwala kofanana ndi kwa chomwe ndikujambula. Mukayezera pa shati loyera, musajambule ndi nambala yomweyo, litsegulireni sitopu imodzi ndi theka kapena ziwiri, apo ayi shatilo lituluka lotuwa ngati phulusa ndipo munthuyo adetsedwa.

Vuto lathu lenileni ndi khungu lakuda padzuwa la masana. Ndinaphunzirira ku Mtenguleni pa Nc'wala, kumapeto kwa Febuluwale. Impi zikuvina ingoma, dzuwa lili paliwombo, ine ndili kalikiliki kujambula. Masilaidi atabwera, thambo linali bwino, nthenga ndi zikopa bwino, koma nkhope zonse mdima wokhawokha, maso osaoneka. Chaka chotsatira ndinati nditsegule masitopu awiri. Nkhope zinaonekadi, koma thambo ndi nthenga zoyera zinapsa zonse. Mafilimu awiri anapita choncho.

Yankho silili pa lenzi. Muyenera kubweretsa kuwala pankhope, kapena kudikira kuti dzuwa litsike. Jambulani isanakwane 9 koloko m'mawa kapena ikadutsa 16 koloko, dzuwa likumenya munthu chakumbali kapena chakutsogolo. Ngati ndi masana, muimikeni pakhonde, ayang'ane kunja, ndipo kumbuyo kwake kukhalenso mthunzi, kuti chithunzi chonse chikhale m'kuwala kumodzi. Pansi pa mtengo wa mango pamakopa, koma masamba amagwetsa timadontho ta dzuwa pankhope ndi kubiriwira pakhungu. Pobweza kuwala simufunika chogula: thumba loyera la ufa, mwana aligwire chapansi pa chibwano kunja kwa chithunzi, limagwira ntchito. Mumthunzi mitundu imakonda kupendekera ku buluu, ndiye kagalasi ka 81A kutsogolo kwa lenzi kamathandiza.

Filimu ili ndi zithunzi 36 zokha ndipo si yotchipa. Chithunzi chomwe sichidzabweranso, monga agogo atavala za ukwati wa mdzukulu, ndimachijambula katatu: momwe mita yanenera, theka la sitopu kutseka, theka kutsegula. Zina zonse kamodzi basi. Ndipo mukapita ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti, Gule musamangomuloza kamera ngati galimoto yodutsa. Yambani mwapempha kwa akuluakulu.

Kutentha kumaononga mitundu. Filimu ikhale m'firiji, m'kabotolo kake, m'kontena yotseka bwino kuti magetsi akathima madzi asalowe. Mukaitulutsa isiyeni maola awiri musanatsegule, apo ayi ichita thukuta. Mu Okutobala musaisiye m'galimoto ngakhale pang'ono.

Potsuka nenani mawu awa momveka: E-6, dzina la katsukidwe ka masilaidi. Mulembenso ndi maka pa kachitini ka filimuyo. Mankhwala ake ndi osiyana ndi a C-41 omwe amatsukira manegetivu, ndipo mankhwala oyamba a E-6 amafuna madigiri 38 osasinthasintha. Situdiyo ina, dzina tilisiye, inanditsukira Provia mu C-41, ndipo ndinalandira manegetivu a mitundu yolusa, nkhope zobiriwira ngati za odwala. Masiku ano ndimapatsira msuweni wanga yemwe amakaoda katundu ku Johannesburg. Akakwera ndege ndimamuchonderera kuti filimu isalowe m'sutikesi yopita pansi, aigwire m'manja ndi kupempha kuti aiyang'ane ndi maso, chifukwa makina owunikira katundu amaichita chifunga.

Posikana mdani ndi fumbi, makamaka mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala ikayamba. Ndimatseka mawindo, kukolopa pansi, nʼkudikira pang'ono. Silaidi igwireni m'mbali, muipemerere ndi kapampu ka labala. Pakamwa ayi, malovu amasiya zipsera.

Ine ndili ndi sikana ya Epson V600. Pabokosi analemba 6400 dpi, koma mukapyola 3200 mumangonenepetsa fayilo popanda chatsopano chooneka. Pa 3200, filimu ya mamilimita 24 ndi 36 imakupatsani mapikiselo pafupifupi 3000 ndi 4500, okwanira kusindikiza chopachika pabalaza. Thimitsani zonse zokonza mitundu zokha, sankhani positive, sungani ngati TIFF ya 16-bit. JPEG mupange pambuyo, yotumizira abale pa WhatsApp. Digital ICE, yomwe imafufuza fumbi ndi kuwala kwa infrared, imachita bwino pa Ektachrome ndi Provia, koma pa Kodachrome ithimitseni: imasokoneza chithunzi ndi fumbi nʼkudya m'mbali mwa zinthu.

Ngati muli ndi kamera ya dijito ndi lenzi ya macro, yojambulira zinthu pafupi kwambiri, kujambula silaidi ndi kamerayo ndi njira yachangu, ndipo kwa ine imatulutsa zakuthwa kuposa sikana yangayo. Ikani silaidi pa kabolodi kowala ka LED, phimbani mozungulira ndi katoni yakuda, kamera iyang'ane pansi molunjika ili pa choimikira. Jambulani RAW, fayilo yosakonzedwa ndi kamera, pa f/8, ISO yotsikitsitsa, ndi tayima ya masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze. White balance, youza kamera chomwe chili choyera, muitenge pa kabolodiko musanaikepo silaidi. Velvia mdima wake ndi wothithikana, ndiye nthawi zina ndimajambula kawiri, kamodzi ka zowala kamodzi ka mdima, nʼkuphatikiza.

Pokonza pa kompyuta silaidi ikhale pambali panu ili pa kuwala, muzifananiza. Apa ndi pomwe imaposera negetivu, chifukwa simuchita kulota mtundu wa chitenje. Mukamaliza ibwezereni m'bokosi louma muli timapaketi ta silica gel, poti dzinja lathu limabweretsa chuku, ndipo chikadya filimu sichichoka.

Onetsetsaninso mbali yomwe mwaika. Masilaidi a atate makumi awiri oyamba ndinawasikana chotembenuza osadziwa. Amayi atawaona pafoni anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa kuti atate anayamba liti kuvala wotchi kudzanja lamanja.