Pogula nkhunzi yobereketsa misoti, funsani za make

Alimi ambiri a ng'ombe kuno ku Salima akafuna nkhunzi amayang'ana linunda, khosi ndi msinkhu. Ikakhala yadzitho, ikupalasa dothi uku ikukuwa, basi ayamba kukambirana mtengo. Ngati ana ake onse mudzawanenepetsa n'kugulitsa kwa mabutchala a pa Kamuzu Road, kasankhidwe kameneko sikolakwika kwenikweni. Koma ambiri mwa inu ana aakazi simugulitsa. Mumawasunga kuti adzalowe m'malo mwa ng'ombe zokalamba, ndipo msoti wabwino umakhala m'khola zaka 10 kapena kupitirira. Choncho nkhunzi imene mwagula lero, ngakhale mutaipha mawa, mudzakhala nayo kudzera mwa ana ake kwa nthawi yaitali.

Ng'ombe yaikazi imabereka mwana mmodzi pachaka zinthu zikayenda bwino, pamene nkhunzi imodzi yokhwima imatha kupereka bere kwa zazikazi 25 mpaka 30 m'nyengo imodzi. Mwana aliyense amatenga theka la mtundu wake kwa bambo. Mukamasunga misoti yanu yomwe, nkhunzi zitatu zikasinthana motsatizana, magawo 7 mwa magawo 8 a mtundu wa misoti yobadwa pamenepo amakhala ochokera kwa nkhunzi zitatuzo.

Vuto n'lakuti zimene tikufuna kwa msotiwo sizioneka pathupi la nkhunzi. Mkaka wokwanira mwana, kutenga bere msanga, kubereka popanda kukokedwa, kusamala mwana kudambo, zonsezi nkhunzi imangozinyamula. Kuti muzione, pitani mukaone make. Musagule nkhunzi pamsika pamene simungadziwe khola lomwe yachokera. Kafikeni kwa mwini wake m'mawa ng'ombe zisanatuluke, ndipo mum'funse kuti, "Bambo, make wa nkhunziyi ndi uti?" Akakulozerani, funsani kuti ali ndi zaka zingati ndipo wabereka ana angati. Ng'ombe ya zaka 9 imene yabereka ana 6 ndi chuma. Ya zaka zomwezo yokhala ndi ana atatu okha, ngakhale itanenepa chotani, mwana wake musiyeni. Kawirikawiri ng'ombe yonenepa kuposa zinzake mu Okutobala imakhala yomwe siikuyamwitsa, ndiye musatengeke ndi kusalala kwa chikopa.

Yang'anani bere la makeyo. Likhale lomangika bwino kuthupi, osati lolendewera mpaka m'mawondo, chifukwa lotere limang'ambika ndi minga ndi zitsa. Mawere akhale anayi ofanana, aang'ono bwino oti mwana wongobadwa kumene atha kuwalowetsa m'kamwa. Mawere otupa ngati botolo amalepheretsa mwana kuyamwa mkaka woyamba uja wachikasu, womwe umamuteteza ku matenda, ndipo chilemachi chimayenda m'mtundu. Ngati alongo ake a nkhunziyo alipo m'kholamo, aoneninso. Ngati nkhunziyo ndi yaikulu kale ndipo ili ndi ana aakazi amene abereka, umenewo ndiye umboni woposa wina uliwonse.

Mukakhutira ndi make, bwererani kwa nkhunziyo. Iyende pamalo ouma muione miyendo ndi ziboda, makamaka zam'mbuyo, poti ndizo zimanyamula thupi lonse ikamakwera. Mavalo akhale awiri, ofanana, olimba pang'ono mukawagwira, osatupa. Kukula kwake kuli ndi phindu lomwe ambiri salidziwa: nkhunzi ya mavalo aakulu poyerekeza ndi zinzake za msinkhu ndi mtundu womwewo imakhala ndi mbewu yambiri, komanso ana ake aakazi amakhwima msanga. Chikopa cha pamchombo chisalendewere kwambiri. Alangizi a ziweto a m'dera lanu akhoza kukuthandizani kuyeza zonsezi, ndipo ndi omwenso amapereka chilolezo chosamutsira ng'ombe, chimene simuyenera kuyenda popanda icho.

Ukali nawo umatengera. Ng'ombe zathu amaweta ndi ana, ndipo amayi ndiwo nthawi zambiri amatsala pakhomo ng'ombe ikamabereka. Nkhunzi yothamangitsa anthu imabereka misoti yovuta kuidipitsa ndi kuibaya jakisoni.

Tsono nkhani ya mtundu, yomwe imabweretsa mkangano pamisonkhano ya alimi. Ambiri mumafuna Brahman, ndipo n'zomveka: ana ake amakula msanga ndipo amalemera pasikelo. Brahman imapirira kutentha, choncho kuno kunyanja imakhala bwino kuposa mitundu ya ku Ulaya. Koma kumbukirani kuti msoti wa thupi lalikulu udzakhala ng'ombe yodya kwambiri. Ku Khombedza, ku Chinguluwe ngakhale ku madambo a Lifidzi, msipu wochuluka ndi wa Januwale mpaka Meyi. Pofika Seputembala, Okutobala ndi Novembala, udzu wapsa ndi moto ndipo ng'ombe zikuyenda mtunda wautali kukamwa madzi. Ng'ombe yaikulu ikaonda nthawi imeneyo sifuna nkhunzi, ndiye chaka chimadutsa yopanda mwana. Ng'ombe yathu yamakolo, ija akatswiri amaitcha Malawi Zebu, ndi yaing'ono inde, koma imapirira njala ndi nkhupakupa, ndipo imatenga bere pa msipu woti inzake yaikulu ikanalephera. Maganizo anga ndi akuti amene amasunga mapesi a chimanga, masamba a mtedza ndi udzu wa mpunga, ndipo amadipitsa mosadumphitsa, akhoza kusunga misoti ya theka Brahman. Amene amangodalira dambo asafike pamenepo, ndipo sangalakwe kukhala ndi nkhunzi yabwino yamakolo. Anzathu oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, komwe kuli kashembe, asamale kwambiri pobweretsa ng'ombe yodula yochokera kutali.

Chinanso, nkhunzi yaikulu ya mutu ndi mapewa otambalala musaiike pa misoti yaing'ono yomwe ikutenga bere koyamba. Mwana amakula m'mimba n'kukanirira pobadwa, ndipo mukhoza kutaya onse awiri.

Pali chizolowezi china chimene chikuchepetsa ng'ombe zathu mwakachetechete. Mwana wamphongo wokula bwino ndiye timam'fula kuti akoke ngolo, kapena timam'gulitsa msanga pofuna fizi ndi feteleza, poti ndiye wa ndalama zambiri. Wotsala osafulidwa amakhala wonyentchera amene wogula anam'kana, ndiye amene amakwera ng'ombe za mudzi wonse. Pa chimanga palibe amene amasunga chitsononkho chofooka kuti chikhale mbewu, koma pa ng'ombe timachita zomwezo chaka ndi chaka. Fulani ana amphongo onse osafunika asanakwane miyezi 6, musiye yekhayo amene make mukum'dziwa bwino.

Poti ng'ombe za m'mudzi zimadyera limodzi, nkhunzi yanu yabwino siithandiza ngati tinkhunzi ta anzanu tikuyenda m'gulu lomwelo. Nkhaniyi ikambidwe pamaso pa amfumu ndi komiti ya ziweto, mugwirizane nkhunzi zotsala ndi zofulidwa.

Nkhunzi isakhale m'khola limodzi kupitirira zaka zitatu. Bere la ng'ombe limatenga miyezi 9 ndi masiku ochepa, ndipo misoti yathu imayamba kufuna nkhunzi ili ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye ikachedwa kuchoka idzakwera ana ake omwe. Zikatero kumabadwa ana ofooka, okula mochedwa ndi osabereka bwino. Simuyenera kugula ina nthawi zonse. Sinthanani ndi mlimi wa mudzi wakutali, mwachitsanzo wa ku Tembwe ndi wa ku Chipoka, bola mufufuze kuti ng'ombe zanu si zapachibale. Yobwerayo muiike payokha kwa milungu itatu kapena inayi, muidipitse, muimwetse mankhwala a njoka zam'mimba, kenaka muiphatikize ndi zinzake.