Kupha tizilombo m'madzi a cooling tower ndi kopa ndi siliva

M'beseni la pansi pa cooling tower, nsanja yoziziritsa madzi otentha ochokera m'makina powagwetsa m'mphepo ya fani, madzi amakhala ofunda, nthawi zambiri pakati pa madigiri 25 ndi 35, ndipo mumagwera fumbi, masamba ndi dzimbiri. Bakiteriya wa Legionella amaswana pakati pa madigiri 20 ndi 45, choncho m'menemo wapeza pokhala. Munthu sadwala chifukwa chomwa madziwo koma chifukwa chopuma timadontho timene fani imaulutsa, n'kugwidwa chibayo choopsa. Matendawa anadziwika mu 1976 pamene anthu 221 anadwala ndipo 34 anamwalira pambuyo pa msonkhano wa American Legion pa hotela ya Bellevue-Stratford ku Philadelphia.

Njira imodzi yochepetsera tizilomboti ndi kusungunulira kopa ndi siliva m'madzi ndi magetsi. M'paipi yaifupi yotchedwa cell muli zitsulo ziwiri kapena zingapo, ma electrode, zosakaniza kopa ndi siliva, kawirikawiri magawo 70 a kopa ndi 30 a siliva, kapena 90 ndi 10. Bokosi lowongolera limatumiza magetsi ochepa a DC, chitsulo chimodzi n'kumadyeka pang'onopang'ono, kutulutsa ma ion, tizidutswa tosaoneka ta chitsulocho tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Ma ion a kopa amamatirira pa khungu la bakiteriya ndi kulibowola, a siliva amalowa n'kuwononga mapuloteni a m'kati. Sauluka ndi mphepo monga amachitira klorini, ndipo kutentha sikuwafooketsa. Ubwino wake ndi umenewo. Koma madzi a mu nsanja ndi ovuta kuposa a m'mapaipi a madzi otentha a m'zipatala, kumene njirayi inatchukira, ndipo makinawa amagwira ntchito pokhapokha madziwo atakonzedwa kuti awalandire.

Yezani madzi musanagule kanthu

Tengani mabotolo awiri, limodzi la madzi olowa ndi lina la m'beseni, mupite nawo ku labotale. Muwauze ayeze pH, kuuma kwa madzi, alkalinity, chloride, phosphate ndi conductivity.

Chachikulu ndi pH, muyeso wa asidi m'madzi umene umakwera asidi akamachepa. Madzi akamagwa mu nsanja amataya mpweya wa carbon dioxide, pH n'kukwera kufika 8.5 ngakhale 9. Ikadutsa 7.6 mphamvu ya ma ion imayamba kuchepa, ndipo ikayandikira 9 pafupifupi kopa yense amasanduka matope obiriwira osapha kanthu. Mungathe kuyeza n'kupeza kopa wambiri, koma Legionella ali gwa. Ndiye muyenera kukhala ndi pampu yothira asidi yolumikizidwa ku mita ya pH, yosunga madzi pakati pa 7.0 ndi 7.6. Gwiritsani ntchito sulphuric acid, osati hydrochloric, chifukwa womalizayu amawonjezera chloride. Pampu ya asidi izizima yokha pampu yaikulu ikaima, apo ayi asidi aunjikana malo amodzi n'kuboola paipi.

Chloride amagwira siliva n'kupanga silver chloride, amene sasungunuka. Popeza nthunzi imasiya mchere m'mbuyo, chloride wa m'beseni amachuluka katatu kapena kanayi kuposa wa m'madzi olowa. Fakitale imene imatunga madzi amchere a mjigo, monga amapezekera m'madera ambiri a m'chigwa cha Shire, iganize kawiri isanawononge ndalama pa siliva.

Funsaninso wogulitsa mankhwala a dzimbiri kuti m'digubu lake muli chiyani. Phosphate amamanga kopa. Tolyltriazole ndi benzotriazole, amene amateteza mapaipi a kopa a mu condenser, amagwiranso kopa wosungunuka, ndipo mankhwalawo ndi kopa wanuyo zimathera limodzi. Apa pamafunika kugwirizana mlingo, osati aliyense kuthira zake.

Chotsatira ndi chitsulo chimene nsanja ndi mapaipi anapangira. Kopa wosungunuka akakumana ndi aluminiyamu, zinki kapena chitsulo wamba amakhazikika pamenepo, ndipo pa kadontho kalikonse kamene wakhazikika pamayamba kudyeka kadzenje. Nsanja ya fibreglass kapena stainless steel, yokhala ndi mapaipi a PVC, ilibe vuto lalikulu. Ya malata okutidwa zinki ndi heat exchanger ya aluminiyamu, musiyeni kopayo, sankhani njira ina.

Kuika makina

Musaike makina pa nsanja yakuda. Ma ion amathera pa ndere ndi zoterera ngati therere zimene zakuta zisa za pulasitiki zimene madzi amatsikirapo mu nsanja, ndipo tizilombo tobisala pansi pake satifikira. Zimitsani fani, thirani klorini mpaka afike 5 mg pa lita, zunguzani madzi maola 5, tayani, kolopani beseni, tsukani zisa ndi zotchinga madontho, kenaka bwerezani klorini musanadzaze madzi atsopano. Otsuka avale zotseka mphuno ndi pakamwa zosefa timadontho, osati nsalu chabe.

Cell iikidwe pa paipi ya pambali yopatuka pa paipi yaikulu n'kubwerera m'beseni. Madzi ayambe adutsa pa sefa ya mchenga yotenga magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a madzi ozungulira. Imikani cell choimirira, madzi azilowera pansi n'kutulukira pamwamba, kuti thovu la mpweya wopangika pa zitsulo lisatsekeredwe. Ikani ma valve mbali zonse ziwiri, kampopi kotengera madzi oyeza, ndi flow switch yodula magetsi madzi akaima. Paipi yotayira madzi, ya blowdown, ipatuke madzi asanafike pa cell. Ikakhala kutsogolo mudzakhala mukutaya siliva amene mwangomusungunula kumene. Bokosi likhale losunga ma ampere osasintha ndiponso lotembenuza mbali ya magetsi pakapita mphindi zingapo, kuti zitsulo zizidyeka mofanana ndipo laimu asakakamire mbali imodzi.

Kuwerengera magetsi

Mlingo umene ambiri amatsata ndi kopa 0.2 mpaka 0.4 mg pa lita ndi siliva 0.02 mpaka 0.04. Ampere imodzi pa ola limodzi imasungunula magalamu pafupifupi 1.19 a kopa. Tiyerekeze nsanja yozunguza ma cubic metre 100 pa ola, yotsitsa kutentha ndi madigiri 5.5, ndipo mapaipi ndi beseni zikusunga ma cubic metre 20. Nthunzi imatenga pafupifupi gawo limodzi pa 100, ndiye cubic metre imodzi pa ola. Ngati mchere mukuulola kuchuluka kanayi, madzi otaya ndi cubic metre imodzi ija kugawa ndi 3 (ndiye 4 kuchotsa 1), kapena kuti malita 330 pa ola. Kufikitsa madzi onse pa 0.4 kukufuna magalamu 8 a kopa, omwe ndi maola pafupifupi 7 pa ampere imodzi. Kubwezera wotayika, magalamu 0.13 pa ola, kukufuna ampere 0.11 yokha.

Zimenezo ndi za papepala. Kopa wambiri amathera pa makoma a mapaipi, pa sefa ndi pa zinyalala, makamaka masabata oyamba, choncho gulani bokosi la mphamvu yoposa apa kangapo ndipo muzikweza pang'onopang'ono mukuyeza.

Kuyeza

Masabata awiri oyamba yezani kopa tsiku lililonse ndi kachida koyezera mtundu wa madzi, kenaka kamodzi pa sabata. Tengani madzi pa paipi yobwerera ku nsanja, kutali ndi cell, muwasefe ndi kasefa ka 0.45 micron kuti muwerenge kopa wosungunuka yekha. Siliva ndi wochepa kwambiri moti zida za m'manja sizidalirika. Mwezi uliwonse tumizani botolo ku labotale, lothiridwa nitric acid pang'ono kuti siliva asamatirire m'botolomo.

Nambala ya kopa si umboni woti tizilombo tafa. Vikani dip slide, kapulasitiki komeretsera mabakiteriya kuti awerengedwe, sabata iliyonse, muisunge pa madigiri 30 kwa maola 48. Mabakiteriya asapose 10,000 pa mililita. Legionella ayezedwe miyezi itatu iliyonse. Malangizo a HSE, bungwe la ku Britain loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito, amati akapezeka oposa 100 pa lita muunike dongosolo lonse ndi kuyezanso, akaposa 1,000 muthire mankhwala amphamvu nthawi yomweyo ndi kukonza zotsuka. Mafakitale ambiri amasunga klorini kapena bromine wochepa pambali pa ma ion, ndipo ndi nzeru yabwino, chifukwa fumbi likalowa lambiri kopa ndi siliva salaka tizilombo msanga. Ikaninso tizitsulo toyesera dzimbiri m'paipi, muzitichotsa pakatha masiku 90. Mawanga ofiira pa chitsulo wamba ndi chizindikiro choti kopa akukhazikika.

Zikavuta

Ma volt akamakwera pamene ma ampere ali pomwepo, zitsulo zakutidwa ndi laimu kapena zadyeka mpaka mpata wakula. Zimitsani magetsi, tsekani ma valve, tulutsani zitsulozo, zivikeni mu asidi wosungunula wochotsera laimu, zitsukeni ndi burashi ya nayiloni. M'madzi ouma chitani izi mwezi uliwonse. Zikaonda kwambiri sinthani zonse pamodzi.

Madzi obiriwira kapena matope a buluu m'beseni akutanthauza kuti pH yakwera. Yang'anani digubu la asidi musanakhudze bokosi. Kukweza ma ampere apa kumangowonjezera matope. Mawanga akuda pa makoma ndi siliva wochuluka. Kopa akatsika mwadzidzidzi zonse zili bwino, valve ya blowdown yakanirira yotseguka kapena beseni likusefukira.

Magetsi akathima nthawi yaitali, kapena fakitale ikatsekedwa kupitirira sabata, madzi oima aja amaswetsa tizilombo. Zunguzani madzi ndi klorini fani ili yozima, kenaka muiyatse.

Madzi a blowdown asapite mumtsinje kapena m'dziwe. Kopa wa 0.4 mg pa lita sangavulaze munthu, poti WHO imalola mpaka 2 mg pa lita m'madzi akumwa, koma nsomba zambiri zimafa ndi wochepera pamenepo, ndipo siliva ndi woopsa kwa izo kuposa kopa. Adutse kaye pa malo oyeretsera madzi oipa a fakitale, ndipo muziyeza kopa potulukira mogwirizana ndi chilolezo chanu chotayira madzi.