Kuwongolera madzi a mvula mu mzinda wa mapiri ngati Blantyre

Madzi osefukira mu mzinda sabwera chifukwa cha kuchuluka kwa mvula kokha. Nthaka yoti iwamwe tinaiphimba ndi malata, phula ndi simenti. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imasiya lita imodzi. Choncho denga la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 50, limatsitsa malita 5,000, yomwe ndi migolo 25 ya malita 200. Pa udzu ndi pansi pa mitengo madzi ambiri amalowa m'nthaka, koma pa malata ndi pa phula pafupifupi onse amathamangira kumunsi. Mukayang'ana madenga othithikana a ku Ndirande, simungadabwe kuti mitsinje ya Nasolo ndi Mudi imadzaza msanga.

Ntchito yonse yagona pa mfundo imodzi: kumtunda madzi achedwetseni, kumunsi atsegulireni njira.

Musanakumbe chilichonse, yendani m'deralo mvula itangokata. Onani pomwe madzi achokera, pomwe asiya mchenga, ndi mzere wa matope pa makoma. Afunseni amfumu ndi anthu okhalitsa pomwe madzi anafika chaka chomwe anavuta kwambiri. Kenako pezani potulukira, kaya ndi mtsinje, dambo kapena ngalande yaikulu ya khonsolo. Ngalande imamangidwa kuyambira kumunsi kukwera kumtunda. Ambiri amayambira pakhomo pawo, ngalande n'kuthera pa mpanda wa mnzawo, ndipo madzi omwe kale ankabalalika tsopano amafika malo amodzi ndi mphamvu yogwetsa nyumba ya zidina.

Kutsetsereka kwa ngalande n'kofunika kuposa kukongola kwake. Itsike pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse. Ikakhala yosatsetsereka, madzi amayenda pang'onopang'ono, mchenga umakhazikika, ngalande n'kukwiririka. Ikatsetsereka kwambiri, monga zilili m'mbali mwa mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe, madzi amakumba pansi mpaka kusanduka chigwembe. Pamalo otere yalani miyala yomatidwa ndi simenti, ndipo ikani timakoma ta miyala topingasa ngalande kuti madzi azitsika ngati pa masitepe. Pamwamba pa kakhoma ka kumunsi pafanane msinkhu ndi tsinde la kakhoma ka kumtunda kwake. Pakati pa kakhoma pakhale potsika kuposa m'mbali, apo ayi madzi adzalambalala n'kugumula gombe. Kunsi kwa kakhoma kalikonse yalani miyala yolandira madzi akugwawo.

Pomwe ngalande ikudutsa pansi pa msewu pamafunika kalavati, ndipo apa ndi pomwe madera ambiri amalakwitsa pofuna kupulumutsa ndalama. Paipi ya mamilimita 300 imatsekeka ndi majumbo ndi mabotolo pa mvula imodzi. Musachepetse kuposa mamilimita 600. Ya mamilimita 900 ndiyo yabwino, chifukwa imatenga madzi pafupifupi katatu kuposa ya 600, komanso munthu atha kulowamo ndi fosholo. Kukamwa kwake mangani khoma lotsogolera madzi, ndipo chakumtunda pang'ono kumbani dzenje lokola mchenga loti muzichotsamo matope. Ngati mwaika zitsulo zokola zinyalala, pakhale munthu wodziwika wozichotsa mvula iliyonse ikatha. Zitsulo zopanda wozisamala zimasanduka damu.

Pakhomo palinso ntchito. Madzi a padenga alowe m'thanki kapena m'migolo, otsalawo apite m'dzenje lodzaza miyala kuti alowe pansi. Dzenjelo likhale mamita osachepera 5 kuchokera ku maziko a nyumba, komanso kutali ndi chitsime ndi chimbudzi. Yambani mwaliyesa: thiranimo madzi, ndipo ngati afika tsiku lotsatira asanaphwe, nthakayo ndi ya makande, dzenje silithandiza. Pa phiri lotsetsereka kwambiri musakumbe maenje oterewa, chifukwa nthaka yokhuta madzi ndiyo imagumuka. Kumeneko bzalani mizere ya udzu wa vetiva yopingasa phiri, mbande zitalikirane masentimita 10 mpaka 15, ndipo mitengo isadulidwe.

Tinene mosabisa kuti pali malo omwe ngalande singawapulumutse. Zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023 sanali madzi a mu ngalande ayi, koma matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche. Nyumba zomangidwa m'njira ya madzi, m'dambo kapena pa gombe penipeni pa mtsinje zimafunika kusamutsidwa, ndipo khonsolo isalole zatsopano. Ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo kwa okhala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, monga ku Mtandire. Pomwe gombe likudyeka koma pali msewu kapena mlatho woti utetezedwe, miyala yolongedwa m'mawaya imagwira bwino kuposa khoma la simenti, poti imalola madzi kudutsa ndipo imapindika osasweka. Kukumba mchenga pafupi ndi mlatho kuletsedwe, chifukwa kumafukula maziko ake.

Kuyeretsa kuchitike mu September ndi October, mvula isanayambe, kuyambiranso kumunsi. Matope ochotsedwa anyamulidwe ndi wilibala tsiku lomwelo. Mukawaunjika m'mphepete, mvula yoyamba imawabwezera momwemo. Komiti ya m'dera igawane zigawo za ngalande, ndipo makalavati osweka a m'misewu ikuluikulu akanenedwe ku khonsolo msanga. Mvula ikamagwa, mverani machenjezo a nthambi ya zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo aliyense adziwiretu malo okwera othawirako. Musawoloke madzi othamanga: a masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 atha kuyandamitsa galimoto yaing'ono.