Tembenuzani botolo, shuga ali kumbuyoko

Nandolo wayamba kupita ku Limbe, tindalama talowa m'matumba mwa alimi, koma pali chinthu chimodzi chomwe chikundisowetsa mtendere. M'makomo ambiri omwe ndayendera mwezi uno ku Mpemba, ku Chileka ndi ku Lunzu ndikupeza chibotolo cha chakumwa chachikasu, kutsogolo kwake atajambula lalanje lodontha madzi. Mayi amathirira ana m'makapu nkunena monyadira kuti, "Alangizi, si munati ana azidya zipatso? Nayitu juwisi." Ine ndinati zipatso, amayi. Za madzi a shuga othira mtundu sindinanenepo.

Tonse tazolowera kuwerenga kutsogolo kwa botolo kokha, chonsecho kumeneko ndi kwa wamalonda, amalembako zoti inu mutulutse ndalama. Wochenjerako amayang'ana tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo lomwe likulu lake lili mu Blantyre momwe muno, akatero basi wakhutira. Chizindikirocho chimangotiuza kuti katunduyo anakwaniritsa muyezo wake. Sichikunena kuti mwana azimwa botolo lathunthu tsiku ndi tsiku.

Kumbuyo ndiye kuli nkhani yonse. Zinthu zomwe asakaniza amazindandalika kuyambira chochuluka kwambiri mpaka chochepetsetsa. Mukaona madzi poyambirira, shuga kachiwiri, chipatso chili kumapeto kwenikweni kapena mulibiretu, pali mawu oti flavour okha, dziwani kuti mwagula fungo la lalanje. Ndiye pali katebulo ka manambala kaja komwe aliyense amakadumpha. Zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi zimakhala ndi magalamu 10 kapena 11 a shuga pa mamililita 100 alionse. Botolo la mamililita 500 ndiye kuti lanyamula magalamu 50 kapena kuposa. Kasupuni ka tiyi kamatenga magalamu 4. Gawani nokha, mupeza masupuni 12 kapena 13. Ndani wa inu angathire masupuni 13 m'kapu ya mwana wake maso ali gwa? Koma akakhala osungunuka kale m'botolo timampatsa ndi manja awiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira patsiku, ndipo zingakhale bwino koposa atalekezera pa 25. Botolo limodzi lamaliza gawo la tsiku lonse, tiyi wa m'mawa uja tisanamuwerengere, yemwe ena mumathira shuga mpaka wina nkutsalira pansi pa kapu ngati mchenga.

Ndipo musandiuzenso kuti shuga wa masiku ano ali ndi Vitamin A. Zoona, boma linalamula kuti shuga ndi mafuta ophikira aziwonjezeramo Vitamin A, monga mmene mchere amauthirira ayodini, chifukwa ana ambiri ankasowa michere imeneyi. Cholinga chinali choti shuga wochepa yemwe mumadya kale akupatseniko kanthu. Sanausandutse mankhwala ayi.

Chomwe chimanditopetsa kwenikweni ndi maganizo akale aja oti kunenepa ndiye kupeza bwino. Mayi akafufuma timati akusungidwa bwino pabanja, bambo akatulutsa mimba timati zikuyenda, wina akatsika thupi timayamba kunong'onezana kuti mwina akudwala. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali olemera kupyola muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwera kuposa kumidzi. Kafukufuku yemweyo anapeza ana 37 mwa 100 ali opinimbira. Nyumba imodzimodzi mupeza mayi wonenepa kwambiri ndi mwana wosakula bwino, onse akukhuta nsima yaufa woyera, mafuta ndi zotsekemera, nyemba ndi mtedza atagulitsa kwa mavenda. Mapeto ake ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mano obowoka, mawondo olira pokwera kamtunda ka ku Ndirande. Ndalama yomwe munagulira chakumwa ija mudzaitulutsanso pa minibasi yopita kuchipatala cha Queens mwezi ndi mwezi.

Bambo wina wolima tomato kudimba cha ku Lunzu anandiseka chaka chatha nditamuwerengera masupuni. Tsiku lililonse la msika akagulitsa amagula mabotolo awiri ndi chipisi chapachiwaya, ati kudzithokoza. Anandiyankha kuti, "Alangizi, thukuta lomwe ndimakhetsa pothirira ine limatsuka zonsezi." Mwezi wathawu ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo, akuthirira ndi aganyu. Kuchipatala anamupeza ndi shuga, ndipo chilonda chaching'ono cha kuphazi chatenga miyezi chisanapole. Anandifunsa ngati chakumwa cholembedwa kuti energy nacho chili ndi vuto, poti chimenecho amati ndi champhamvu. Tinatembenuza chitini limodzi, shuga yemweyo. Anangoti, "Nanga bwanji salemba poonekera?"

Funso lakelo ndi lomwe ine ndimafunsanso. Zolembedwa pa katundu wathu zili m'Chingerezi, timalemba take tating'ono ngati nyerere, ndipo mabotolo ena katebulo ka shuga kaja mulibe. Ku Chile kuyambira 2016 lamulo limakakamiza opanga zakudya kuika chizindikiro chakuda kutsogolo kwa paketi ngati shuga, mchere kapena mafuta zachuluka, moti ndi mwana yemwe amazindikira. Ku South Africa, komwe kumachokera katundu wambiri wa m'masitolo mwathu, anayamba kudula msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018, ndipo makampani ena anachepetsa shuga pofuna kuthawa msonkhowo. Ife bwanji osalemba mawu awiri okha, "shuga wambiri", m'Chichewa, kutsogolo? Ngakhale zitatero, mafulizesi a pageti ya sukulu, mandasi ndi chipisi sizikhala ndi pepala lililonse, zimenezo zatsalira maso anu.

Chochita mukuchidziwa kale. Tembenuzani botolo musanalipire, pezani mzere wa sugars, onani ngati nambalayo ndi ya mamililita 100 kapena ya botolo lonse, magalamu a botolo lonsewo gawani ndi 4 kuti mupeze masupuni. Mwana mugulireni nthochi, papaya kapena gwafa, ludzu aphe ndi madzi, thobwa musalithire shuga wochita kumata milomo.  Siyaniko ndowa ya nandolo ndi mtedza pakhomo musanapite ku Limbe, ndipo amene m'chiuno mwayamba kuthina akayezetse shuga ndi BP kuchipatala chapafupi sabata ino.