Mayi wamwa mankhwala, nanga bambo?

Chitsegulireni misika ya fodya, amayi obwera kuchipatala ndi ululu wa m'chinena achuluka, ndipo chondiwawa mtima n'chakuti nkhope zina n'zomwezomwezo. Mayi timamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana monga klamidiya, timamupatsanso kakalata koti akapereke kwa mwamuna wake kuti nayenso abwere. Kakalatako kamathera pamfundo ya chitenje, apo ayi bambo amapichirira chingambwe. Pakapita miyezi iwiri mayi uja wabweranso, matenda omwewo, womupatsira yemweyo.

Anthu amaganiza kuti vuto ndi kumwanso mankhwala basi. Ayi. Kachirombo ka klamidiya, dzina lake lonse Chlamydia trachomatis, kamabisala m'kati mwa maselo a khomo la chiberekero, ndipo amayi ambiri samva chilichonse. Kakakwera n'kufika m'machubu odutsamo dzira, asilikali a m'thupi amathamangirako, m'chubumo mumatupa, mafinya amadzaza. Kumenyanako kumapha tizirombo, koma kumawononganso tiubweya ting'onoting'ono timene timakankhira dzira kuchiberekero, ndipo popola pamatsala chipsera. Mvetsani bwino apa: chachikulu chotseka chubu ndi ukali wa chitetezo cha mayiyo. Thupi limakumbukira kachiromboka, koma osati mokwanira kumuteteza kuti asatengenso. Kakabwera kachiwiri kutupa kumayambiranso, chipsera pamwamba pa chipsera. Kali ndi puloteni yotchedwa HSP60 yofanana kwambiri ndi ina ya m'thupi mwathu, ndipo amayi otsekeka machubu amapezeka kawirikawiri ndi chitetezo cholimbana ndi puloteni imeneyi.

Madokotala a ku Lund, m'dziko la Sweden, anatsatira amayi ambiri kwa zaka zambiri n'kutulutsa zotsatira mu 1992. Mwa amayi 100 alionse amene anatupa machubu kamodzi, 8 analephera kubereka. Otupa kawiri anali pafupifupi 20, otupa katatu kapena kupitirira anali 40. Chubu chikatsekeka mwatheka, mimba imatha kukhazikika m'chubumo, chikaphulika ndiye kuthamangira kufiyeta usiku, magazi akutayikira m'mimba. Amene munaona agogo akuzula nsidze zopindikira m'diso mukudziwa kale zimenezi. Nthenda ya masoyi, trakoma, imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza mu 2022 kuti Malawi wathana nayo, imayamba ndi mtundu wina wa kachirombo komweka, ndipo chopinda chikope ndi zipsera za kudwala mobwerezabwereza.

Mlimi wina wa fodya nditamutsatira kudimba kukamuuza kuti nayenso abwere kuchipatala anandiyankha akuthirira nazale: "Alangizi, ine pokodza sindimva kuwotcha. Ng'ombe yosadwala mumaibayiranji jekeseni?" Pamenepo n'kuti abale ake akumutcha kale mkazi wake chumba, akumusakira wina. Ndalama ya mabelo awiri inali itapita kwa asing'anga kukagula zotsukira m'mimba. Ndatopa nawo maganizo amenewa. Mpaka liti tidzaloza mkazi chala, bambo ali phee ndi kachirombo kosamupweteka? Ena amati ndi mauka, ena amagula makapisozi anayi pagolosale, ululu ukaleka iwonso aleka. Mankhwala amapha kachirombo, koma chipsera sachotsa, ndiye mwezi uliwonse wozengereza ndi chubu chimene chikuwonongeka.

Zochita n'zochepa. Pitani nonse awiri kuchipatala, ngakhale wina sakumva kanthu, ndipo ngati pali chibwenzi cha m'miyezi iwiri yapitayi nachonso chidziwitsidwe. Mankhwala a doxycycline ndi a masiku 7, koma ngati machubu atupa kale ndi a masiku 14, m'mawa ndi madzulo, kumaliza onse. Woyembekezera anene, amapatsidwa azithromycin. Osagonana mpaka nonse mutamaliza ndipo masiku 7 akwana, kenako kondomu ngati pali chikayiko. Pakatha miyezi itatu kaonekeninso. Ululu wa m'chinena, chikazi chachilendo kapena magazi mukatha kugonana, musadikire tsiku la sikelo, bwerani tsiku lomwelo.